Kusamala Zitsulo za Polowera Madzi Pakhomo

Ambiri a inu mutunga madzi pa mjigo, koma mau a lero ndi a iwo amene madzi awafikira m'paipi, kaya pakhomo pao, kaya pa mpopi wa mudzi wonse. Tikamba za malo amodzi okha, pamene paipi ituluka m'nthaka ndi kulowa pakhomo.

Pamenepo pali zitsulo zowerengeka. Pali chotsekera madzi, chimene amisiri achitcha vavu. Pali mita, ngati madziwo ali olipira. Pali tizitsulo tolumikiza mapaipi, ndiyeno mpopi. Chachikulu mwa zonsezi ndi vavu. Paipi ikaphulika usiku, vavu ndiye aletsa madzi kuti asagwetse chipupa cha zidina kapena kunyowetsa mpunga m'matumba. Komatu eni nyumba ambiri atha zaka osamgwira, ndipo tsiku la bvuto ampeza atauma ndi dzimbiri.

Muyambe mwadziwa chimene chiri chanu. Kumene madzi aperekedwa ndi Central Region Water Board, monga ku Salima boma, mita ndi paipi yofika pa mita ziri za Bodi, ndipo kuzimasula ndi mlandu. Mukaona pakudontha mbali imeneyo, kaneneni ku ofesi yao. Kuchokera pa mita kulowa pakhomo, zonse ndi zanu, pamodzi ndi madzi otayikawo. Kumene madzi achokera m'thanki yoyang'aniridwa ndi komiti, funsani a komiti kuti malire ao athera pati.

Nanga chiononga zitsulozi n'chiani? Choyamba ndi dzimbiri. Paipi yachitsulo ikhala yopakidwa zinki, koma pamene mmisiri adadula mazinga zinkiyo idachoka, ndipo mpamene dzimbiri liyambira. Lifulumira kwambiri pamene chitsulo chakumana ndi vavu wamkuwa, pakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, china chidyeka. Madzi amchere, amene apezeka m'zitsime zina za kuno kunyanja, aonjezera moto. Dzimbiri lidyanso m'kati, paipi nkumachepa mpata mpaka madzi atuluka ngati ulusi, ofiira m'mawa. Anthu ayamba kudandaula kuti madzi alibe mphamvu, chikhalirecho bvuto liri pakhomo pao pomwe.

Chachiwiri ndi nthaka. Inu olima thonje mudziwa makande: m'chilimwe ang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa atupa. Paipi yokwiriridwa m'makande ikokedwa uku ndi uku chaka ndi chaka, ndipo ithyokera polumikizira. Onjezani dzuwa la Okutobala, limene liumitsa paipi yoyera ya pulasitiki mpaka isweka ngati chigaza cha mphika, ndi ng'ombe zoponda, ndi ana amene akolowekapo ndowa.

Musapeputse kadontho. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi iriyonse ukhoza kudzaza ndowa ya malita 20 pa tsiku, ndipo pa masiku 50 mwataya malita 1,000 amene mudzawalipira osawamwa. Koma ndalama si nkhani yaikulu. Madzi akasiya m'paipi, bowo limene linali kutulutsa liyamba kuyamwa matope a panja. Ngati pafupi pali chithaphwi kapena chimbudzi, zonyansazo zilowa m'madzi akumwa. Simunaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo idafika ku Salima komwe.

Kuyesa kwake sikufuna mmisiri. Tsekani mipopi yonse madzulo, lembani manambala a pa mita, ndipo m'mawa muonenso musanatunge. Akasintha, pena pake pakudontha. Ngati mulibe mita, yang'anani pamene udzu uli wobiriwira m'mwezi wa Seputembala pomwe pena ponse pauma. Vavu naye mumtseke ndi kumtsekula mwezi uliwonse, ndi dzanja lokha. Mukatsekula mpaka kumapeto, bwezani pang'ono kuti asamatirire. Akakana, musam'menye ndi mwala kapena kumkakamiza ndi sipanala, pakuti mudzathyola kamtima kake madzi ali m'njira. Vavu amene mwamtseka koma mpopi nkumatulukabe watha nchito.

Mpopi wodontha pakamwa kawirikawiri ufuna washala chabe, kamphira ka mtengo wochepa. Tsekani vavu, masulani mutu wa mpopi, ikani washala watsopano. Za kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, tonse tidziwa kuti zithandiza usiku umodzi. Koma chubu cha usiku umodzi chija m'makomo ambiri chatha zaka zitatu.

Kusintha vavu ndi nchito ya pulambala, ndipo madzi ayenera kutsekedwa kumtunda poyamba. Popita kukagula, dziwani kukula kwa paipi yanu: m'makomo ambiri ndi theka la inchi, pena makota atatu a inchi. Vavu wa chogwirira chimodzi, wotseka ndi kupotoza kamodzi, sauma msanga monga wa kagudumu. Uzani mmisiri aike yuniyoni pafupi naye, kuti tsiku lina mudzamasule popanda kudula paipi, ndipo pa mazinga akulunge tepi yoyera. Ngati paipi yachitsulo yadyeka, musataye ndalama kuika vavu watsopano pa mazinga obvunda. Chotsani chigawo chonsecho, muike paipi yakuda ya pulasitiki imene ipindika nthaka ikasuntha, ndipo muikwirire mozama kufika m'bondo, kumene khasu silifika. Mukatha, tsekulani mpopi madzi atuluke kufikira atayera, musanamwe.

Nthawi yake ndi mutagulitsa thonje ndi mpunga, ndalama zisanathe ndipo nthaka iri youma. Inu mafumu, pa mpopi wa mudzi itanani komiti mvula isanayambe, ndipo mupite nao pa vavu kuti amtseke ndi kumtsekula inu mukuona. Pamalopo amange kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivindikiro, ndipo anthu awiri kapena atatu adziwe pamene pali vavuyo, kuti mmodzi akapita kumaliro madzi asatayike usiku wonse.