Musanamizire matayala, tsatirani madzi

Pamsonkhano wina wa anthu okonda kuyenda m'mapiri kuno ku British Columbia, m'dziko la Canada, bambo wachikulire anaonetsa chithunzi cha njira yomwe yasanduka chigwembe, miyala ili pamtunda, mizu ili poyera. Anati ndi anyamata a njinga omwe achita zimenezo, choncho njinga ziletsedwe m'mapaki onse a boma la chigawo. Anthu anawomba m'manja. Ine mtima unandiwawa, chifukwa njirayo inatsika phiri molunjika ngati chingwe, ndipo ikanakumbika chimodzimodzi ngakhale pakanapanda kudutsa tayala ndi limodzi lomwe.

Ntchito yanga ndi yolambula ndi kukonza njira za m'nkhalango, ndipo nkhani iyi yoti njinga ndizo zimagumula njira ndatopa nayo. Chimene chimadya njira ndi madzi. Mapazi, ziboda ndi matayala zimangofewetsa dothi la pamwamba; wolinyamula n'kupita nalo kumunsi ndi mvula komanso chipale chosungunuka. Madzi akapeza njira yolunjika kumunsi amaisandutsa ngalande, liwiro lawo limakula, mphamvu yokokolola nayo imakula. Anzanga pantchito amati njira yotere ili pa fall line, kutanthauza mzere womwe mwala ungatsate mutaugubuduza kuchokera pamwamba. Mlimi aliyense amene anaonapo kusiyana kwa mizere yopingasa phiri ndi mizere yolozetsa kumtsinje nkhaniyi aidziwa kale.

N'chifukwa chake tisanagwire khasu timayamba tayeza. Tili ndi kachipangizo kotchedwa clinometer koyezera kutsetsereka kwa malo, ndipo pali lamulo lomwe bungwe la apanjinga la IMBA, lokhazikitsidwa mu 1988 ku California, linafalitsa kwambiri: njira isatsetsereke kupitirira theka la kutsetsereka kwa phiri lomwe ikudutsapo. Ngati phiri likutsika mamita 20 pa mamita 100 aliwonse, njira isapitirire mamita 10. Ikapitirira, madzi amasiya kudumpha njira n'kuyamba kuitsata. Timapendeketsanso pang'ono pamwamba pa njira kuti madzi azitayikira kumbali ya kumunsi, ndipo pakapita kamtunda timaika grade reversal, malo pomwe njira yotsika imakwera pang'ono dala kuti madzi asowe kolowera n'kutuluka. Woyenda saziona zimenezi. Amangoti njirayi ndi yokoma kuyendamo.

Kafukufuku alipo. Mu 1994 Wilson ndi Seney anayeza dothi lokokoloka m'njira za ku Montana pambuyo podutsapo oyenda pansi, njinga, njinga zamoto ndi mahatchi. Mahatchi ndiwo anatakasa dothi lochuluka, ndipo njira yonyowa inaonongeka msanga kuposa youma. Sindikunena izi pofuna kuti mahatchi achotsedwe. Ku South Chilcotin Mountains Provincial Park, kumpoto kwa Gold Bridge, njira zambiri zomwe apanjinga amazikonda, monga ya Gun Creek yopita ku Spruce Lake, zinapondedwa kale ndi eni dziko, okumba golide ndi mahatchi onyamula katundu njinga zisanafike. Njira zimenezo palibe anaziyeza ndi clinometer, ndiye zikakumbika tisathamangire kuloza yemwe wadutsa komaliza.

Komabe apanjinga musasangalale msanga, muli nayo milandu yanu. Wina amatsika n'kufinya buleki yakumbuyo mpaka tayala kusiya kuzungulira, n'kumakhwekhwereza dothi ngati akupala. Kanjira komwe wasiyako ndi poyambira madzi. Wina akapeza chithaphwi amalambalala kuopa matope, wotsatira nayenso chimodzimodzi, mpaka njira ya phazi limodzi kukula ngati msewu wa ngolo, maluwa a pamwamba pa phiri omwe amatenga zaka kuti amere atapita. Ndipo chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa dothi ndi liwiro. Njinga imathamanga mwakachetechete, pamene m'mapiri amenewa muli zimbalangondo za mtundu wa grizzly. Yaikazi yokhala ndi ana ikadzidzimutsidwa pakona siyamba yafunsa. Apa ndiye pamene odandaula za njinga ali ndi mfundo, ndipo ndikanakonda akanamataya mpweya wawo pa zimenezi.

Ofuna kupita kumapiriko pa njinga, nawa malangizo pang'ono chabe. Yambani mwafufuza kwa a BC Parks, oyang'anira mapaki a chigawochi, chifukwa njinga zimaloledwa m'njira zosankhidwa zokha, ndipo zina zimatsekedwa nyengo ndi nyengo. Ngati tayala likusiya mzere wakuya m'dothi, kwanyowa kwambiri, bwererani, ngakhale kuti dothi la miyala limapirira kuposa la makande. Chithaphwi dutsani pakati. Gwirani mabuleki onse awiri mofatsa, musanafike pakona. Mukakumana ndi hatchi imani, yankhulani kuti idziwe kuti ndinu munthu, mumve zomwe wokwerayo anene. Muziyenda angapo, mukufuula pamalo osaoneka patsogolo. M'malo ambiri foni sigwira, choncho wina kunyumba adziwe njira yanu ndi tsiku lobwerera. Botolo lopopera tsabola wothamangitsira chimbalangondo likhale pathupi panu pofikira dzanja, osati pa njinga, poti pangozi munthu ndi njinga yake amagwera kosiyana.