CIONGOLERO CA THIRAKITALA COYENDERA OILO: MAYENDEDWE ACE NDI MATENDA ACE

Alimi anzathu a kwa Dzoole ndi a m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, dziko lathu ndi la zitunda ndi mitsetse. Minda yathu siitalika, ndipo mizere yace ipingasa phiri kuti madzi asakokolole nthaka. Cotero thirakitala yolima kuno itembenuka kawirikawiri koposa ya ku cigwa, ndipo ciongolero cace sicipuma. Cikafa mu November, alimi onse amene adikira thirakitala imeneyo abzala mocedwa. Cikafa pa mtsetse, ngolo ya mabelo a fodya iri pambuyo, pangathe kutayika moyo. Tiyeni tsono tione m'mene ciongolero cimeneci ciyendera.

Mphamvu yace icokera kuti?

Thirakitala yotuwa ya Ferguson, imene inayamba kupangidwa ku Coventry m'caka ca 1946, inali kukhotetsedwa ndi mphamvu ya mikono yokha. Koma m'caka ca 1926 munthu wa ku America, Francis W. Davis, anali atayesa kale kukhotetsa galimoto ndi oilo, ndipo mu 1951 kampani ya Chrysler inayamba kugulitsa magalimoto otere. Pambuyo pace nzeruyi inafika ndi ku mathirakitala.

Cinsinsi cace anacifotokoza kalekale Blaise Pascal wa ku France: madzi kapena oilo safinyika monga mpweya, ndipo mukamkankha mbali imodzi ya cotengera cotseka, mphamvuyo ifika ponse mofanana. Tayala la galimoto lipopedwa mpweya wa mabar awiri okha, koma oilo wa ciongolero angathe kufika mabar 100. Pa mphamvu yotere pisitoni yotambalala masentimita 5 ikankha ngati matani awiri, ndiko kulemera kwa matumba 40 a cimanga.

Ulendo wa oilo uli wotere. Acoka m'thanki, kapena m'bokosi la magiya pa mathirakitala ena, nadzera mu sefa, nalowa m'pampu imene izunguzidwa ndi injini. Pampu imtumiza ku valavu ya ciongolero. Woyendetsa akapanda kukhotetsa, valavu ingombwezera oiloyo ku thanki. Akakhotetsa, valavu itsegula njira ya ku mbali imodzi ya silinda, pisitoni nisuntha, magudumu nakhota. Pali ndi valavu yina ya citetezo, imene itseguka mphamvu ikapambana muyeso, kuti mapaipi asaphulike.

Mitundu yace iri iwiri. Pa mtundu woyamba, umene upezeka pa mathirakitala ambiri akale, ndodo za citsulo zilumikiza ciongolero ndi magudumu, ndipo oilo angothandizako. Pa mtundu waciwiri palibe ndodo yocokera ku ciongolero. Pali mapaipi okha. Pamenepo oilo akatha, ciongolero cingozungulira cabe, magudumu osamvera. Woyendetsa ali yense adziwe mtundu wa thirakitala yace.

Matenda ndi mankhwala ace

Lamulo lathu ndi ili: yambani ndi zosafuna ndalama, pampu ikhale yotsiriza. Matenda ambiri a ciongolero ayamba ndi oilo wocepa, wa litsiro, kapena wolowa mpweya.

1. Ciongolero calimba. Imikani thirakitala pamalo osalala, zimitsani injini, muone muyeso wa oilo. Onani ngati matayala a patsogolo ali ndi mpweya wokwanira, ndiponso ngati molumikizira magudumu mwaikidwa girizi, pakuti pfumbi la October liumitsa malo amenewa msanga. Kenaka onani sefa. Zonsezi zikakhala bwino, koma ciongolero cilimbabe oilo akatentha, nicifewa mukakweza injini, pamenepo pokha mukayikire pampu kuti yadyeka.

2. Pampu ilira, oilo acita thobvu. Mwalowa mpweya, mwina cifukwa oilo wacepa, mwina cifukwa paipi yopita ku pampu yamasuka kapena yang'aluka. Mangani paipiyo, muonjeze oilo. Tsekerani magudumu a pambuyo ndi miyala, kwezani patsogolo ndi jeke, mucirikize ndi zipika zolimba. Injini irikuyenda pang'onopang'ono, khotetsani ciongolero mpaka kumapeto kwa dzanja lamanja ndi kwa lamanzere kangapo, kufikira thobvu litatha. Pomaliza onaninso muyeso.

3. Oilo wayera ngati mkaka. Mwalowa madzi, monga zicitika ndi thirakitala yogona pa mvula. Madzi acititsa dzimbiri m'kati. Khuthulani oilo yense, musinthe ndi sefa yomwe.

4. Thirakitala isokera yokha pa njira yoongoka. Mnzanu agwedeze ciongolero, inu muyang'ane mfundo za ndodo yolumikiza magudumu awiri a patsogolo, yogwedera isinthidwe. Mfundo zikakhala zolimba, koma muyenera kumangokhotetsabe kuti thirakitala iongoke, kawirikawiri mphira ya pisitoni yatha, oilo alikudumphira ku mbali yina m'kati mwa silinda. Bvuto limeneli silioneka kunja, pakuti palibe dontho logwa pansi.

5. Oilo acuca. Pukutani bwino malo onse, mulize injini, muone pamene payamba kunyowa. Musafufuze ndi dzanja ai. Oilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu yotere aboola khungu ngati singano. Bala lace lioneka laling'ono, koma lingathe kudulitsa cala kapena dzanja. Fufuzani ndi cidutswa ca katoni. Wolaswa ndi oilo apite ku cipatala nthawi yomweyo, akanene cimene camlasa.

Zosayenera kucita

Musatsike mtsetse mutazimitsa injini kapena mutacotsa giya poti musunge dizilo. Injini ikaima pampu iima nayo, ciongolero nicilemera dzidzidzi, nthawi imene ngolo ilikukankha pambuyo. Tsikani ndi giya yomwe mukadakwera nayo citunda cimeneco.

Musapanikize ciongolero kumapeto kwace potembenuka pa mutu wa munda. Kulira kumene mukumvako ndi valavu ya citetezo. Oilo alikutentha, ndipo oilo wotentha aumitsa mphira. Cikagunda kumapeto, bwezaniko pang'ono.

Musathire oilo wa mabuleki, kapena oilo wakuda wocoka mu injini, kapena wogula m'botolo losadziwika. Thirani amene buku la thirakitala yanu lanena, ndipo muyambe mwapukuta pa cibvundikiro, cifukwa m'kati mwa valavu zitsulo zithinana kotero kuti kamcenga kamodzi kangazikande.

Musamange valavu ya citetezo kuti ciongolero cifewe. Imeneyo ndi nchito ya makaniko wokhala ndi coyezera mphamvu ya oilo. Ndipo pomasula mapaipi a silinda, aikeni zizindikiro. Akasinthana, magudumu akhotera kumene simufuna, kapena ciongolero cimenya manja.

Nthawi ya kukonza

Nthawi yabwino yoyang'ana zonsezi ndi August ndi September, nchito ya kututa zokolola itatha, kulima kusanayambe. Pamenepo cipangizo cosowa pa Mponela mungathe kuciitanitsa ku Lilongwe popanda kutaya tsiku la kubzala. Tsiku liri lonse la nchito, musanalize injini, yang'anani pansi pamene thirakitala inagona ngati pali madontho, muone muyeso wa oilo. Ndipo inu amene mubwereka thirakitala, musaope kuletsa woyendetsa kunyamula anthu pa ngolo pamene ciongolero cilikulira kapena kusokera. Cimene simucimvetsa, funsani makaniko wodziwa kapena Mlangizi wa Zaulimi wa kwanu. Akulu anati safunsa anadya phula.