Ng'ombe Yonenepa, Chiwindi cha Mafinya

Kwa mlimi wa ng'ombe ku Angónia kapena ku Tsangano, mtengo wa chiweto umapangidwa pa khola: wogula amayang'ana msana ndi ntchafu, nkutchula ndalama. Koma pali matenda amodzi amene sawoneka pa khungu. Amenewa ndi zithupsa za m'chiwindi, ndipo zimadziwika tsiku lopha, mpeni utang'amba mimba.

Dziko limene laona kwambiri vutoli ndi America. Kumeneko ana amphongo a ng'ombe za mkaka za mtundu wa Holstein, zamawanga akuda ndi oyera zomwe kuno anthu amati Friesian, amafulidwa nkutsekeredwa m'makola akuluakulu kuti anenepe. Chakudya chawo ndi chimanga chochuluka, udzu pang'ono chabe. Mu 1998, T. G. Nagaraja ndi mnzake wa ku Kansas State University analemba kuti mwa ng'ombe 100 zonenepetsedwa motere, 12 mpaka 32 zimapezeka ndi zithupsa m'chiwindi. Za mtundu wa Holstein zimagwidwa koposa, chifukwa zimayamba kudya chimanga zikadali zazing'ono ndipo zimakhala m'khola pafupifupi chaka chathunthu, pamene ng'ombe za nyama zimangokhalamo miyezi 5 kapena 6.

Matendawa sayambira m'chiwindi ayi, amayambira m'chifu. Ng'ombe ikadya udzu imabzikula nthawi yaitali, ndipo malovu ake amachepetsa kuwawasa kwa m'chifu. Chimanga chikachuluka chimasasa msanga, chifu nkuwawasa mpaka kuchita zilonda. M'chifu cha ng'ombe iliyonse mumakhala kale kachirombo kotchedwa Fusobacterium necrophorum. Kakapeza chilonda kamalowa m'magazi, nkukafika ku chiwindi, kumene kamapanga zithupsa zodzaza mafinya.

Apa ndi pamene ndalama zimathawira. Woyeza nyama akapeza mafinya, chiwindi chonse chimatayidwa, ndipo cha ng'ombe yaikulu chimalemera makilo 5 kapena kuposa. Chithupsa chikakhala chachikulu chimamata chiwindi ku nembanemba yolekanitsa chifuwa ndi mimba, motero nyama yozungulira pamenepo iyenera kusemedwa ndi kutayidwa. Chikaphulika posenda, mafinya amaipitsa nthiti ndi zam'kati. Komanso ng'ombe ya zithupsa zazikulu imadya mochepa ndipo imanenepa mochedwa, ndiye kuti mwini wake wataya chakudya asanafike nkomwe kopha.

Alimi a ku America akhala akuthira mankhwala otchedwa tylosin m'chakudya cha ng'ombe. Amachepetsa zithupsa koma sazithetsa, ndipo kuyambira mu Januwale 2017 boma lawo linalamula kuti asathiridwe popanda kalata ya dokotala wa ziweto.

Kodi nkhani ya kutali chotere ikukhudza bwanji anthu a m'malire muno? Chifu cha ng'ombe ndi chimodzimodzi kulikonse. Amene wapeza thole lamphongo la Friesian kwa alimi a mkaka a ku Malawi, kapena amene watsekera ng'ombe yake ya makolo kuti ainenepetse ndi madeya asanagulitse, wayamba kuyenda njira yomweyo. Ngozi imakula nthawi yokolola, pamene madeya ndi chimanga chosweka zili mbwee, mwinanso ng'ombe zalowa m'munda nkugwetsa mikukwe.

Chitetezo chake sichilira ndalama zambiri. Madeya ayambe pang'ono, nkumawonjezera mwapang'onopang'ono kwa masabata atatu. Apatsidwe kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, osati mulu umodzi. Ng'ombe ikhale itayamba yadya udzu, nsenjere, mapesi kapena masamba ouma a mtedza, ndipo zimenezi zisasowe m'khola usana ndi usiku. Ng'ombe ya njala, imene yachokera ulendo wautali, isapatsidwe chimanga kaye. Madzi akhalepo nthawi zonse. Ikaleka kudya ndi kubzikula, ikatupa mimba, kapena ikayamba kutsegula ndowe zamadzi zonunkha chowawasa, madeya achotsedwe tsiku lomwelo ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe.

Chinthu chimodzi chisasokonezedwe. Ng'ombe zodya kudambo kawirikawiri chiwindi chawo chimaonongeka ndi nyongolotsi zaphanthi zonga tsamba, zimene zimafala kudzera mu nkhono za m'madzi. Zimenezo zili ndi mankhwala ake omwetsa, koma mankhwala a nyongolotsi sachiza chithupsa. Chiwindi cha mafinya chisagulitsidwe, chisadyedwe, chisaponyedwe kwa agalu. Chikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wogula amene wataya chiwindi ndi nthiti kamodzi sadzabweranso ku khola lomwelo ndi mtengo wabwino. Mlimi amene walola kuti ng'ombe yake inenepe mosafulumira, udzu uli patsogolo, ndiye adzawerenga meticais ake onse.