Geti silinabwere, nanga ndalama zibwerere zingati?

Ana inu a ku Kabulonga, mukamadutsa mumsewu wa Alick Nkhata cha ku Kalingalinga mumaona amisiri akuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Tiyerekeze kuti amayi anu apatsa mmisiri K5,000 kuti awapangire geti. Miyezi yatha, geti kulibe, foni sakuyankha. Kodi khoti linganene kuti abweze zingati?

Pa mlandu wobweza ndalama, woweruza amafunsa funso limodzi: kodi munthuyu walandira chiyani chimene sayenera kukhala nacho? Mmisiri walandira K5,000 koma sanapereke kanthu, choncho abweze K5,000 yomweyo. Ngati geti lakwera mtengo kufika K6,000, K1,000 yapamwambayo ndi nkhani ina, ya chipukuta misozi, ndipo amaiwerengera padera.

Lamuloli limatetezanso amisiri. Womanga akamanga theka la mpanda kenako mwininyumba n'kumuthamangitsa popanda chifukwa, khoti limayesa mtengo woyenera wa ntchito imene yagwiridwa kale, n'kulamula kuti alipidwe. Apa mpovuta ndithu, chifukwa theka la mpanda silikhala ndi mtengo wolembedwa ngati buledi wa m'sitolo.

Malamulo a mapangano a ku Zambia anachokera ku England, ndipo kumeneko kunali mlandu wotchuka. Kampani ya ku Poland yotchedwa Fibrosa inalipiriratu mapaundi 1,000 kwa kampani ya ku Leeds kuti iipangire makina. Nkhondo itabuka mu 1939, makinawo sakanathekanso kutumizidwa. Palibe amene analakwa! Komabe mu 1942 oweruza akuluakulu ku London anati ndalama zonse zibwezedwe, poti Fibrosa sinalandire ngakhale kachitsulo kamodzi. Ambiri anaona kuti opanga makinawo aponderezedwa, popeza anali atayamba kale ntchito. Ndiye mu 1943 panakhazikitsidwa lamulo lolola khoti kuchotsapo ndalama zimene wogwira ntchito wawononga kale. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino.

Ku Lusaka milandu ya ndalama zochepa imatha kupita ku Small Claims Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Kumeneko adzafuna umboni wa zimene zinaperekedwa. Choncho amayi akamalipira mmisiri, akumbutseni kuti atenge lisiti, ndipo uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zapita asaufufute.