Dontho la magazi a chiweto pa lichero la dokotala

Dokotala wa ziweto akatenga magazi a ng'ombe yanu kapena galu wanu, amabwerera ndi pepala lodzaza manambala ndi mayina ovuta kutchula. Ambirife timangodikira kuti atiuze ngati chiwetocho chichire kapena ayi. Komatu ntchito imene yachitika ku labotale si yachilendo kwa munthu amene anapetapo chimanga.

Mayi akafuna kudziwa mmene chimanga chilili m'nkhokwe sagwetsa nkhokwe yonse. Amatapako pang'ono, n'kutonola, n'kuyala pa lichero kuti maso a chimangacho asasanjikizane, kenaka amayang'ana kuti okhwima ndi angati, ofumbwa ndi angati. Ku labotale lichero lake ndi kagalasi kakang'ono. Amadonthezapo magazi, n'kuwakoka ndi kagalasi kena kuti ayalike mopyapyala, akauma amawanyika mu utoto. Utoto wodziwika kwambiri ndi wa Giemsa, womwe uja amayezera malungo m'zipatala zathu. Dzinalo ndi la Gustav Giemsa wa ku Germany amene anaukonza cha m'ma 1904. Akatero amaika kagalasiko pa maikulosikopu imene imakuza zinthu ka 1,000.

Choyamba kuoneka ndi maselo ofiira, odzaza paliponse. Oyerawo, amene kuchipatala timawatcha asilikali a m'thupi, ndi apatalipatali. Muyeso wake ndi maikulolita, ndipo dontho limodzi lili ndi ma maikulolita pafupifupi 50. Mu maikulolita imodzi ya magazi a ng'ombe yathanzi mumakhala maselo ofiira pakati pa 5 ndi 10 miliyoni, pamene oyera amangokhala 4,000 mpaka 12,000. Mwa galu oyera amakhala pafupifupi 6,000 mpaka 17,000. Labotale iliyonse ili ndi malire ake osiyanako pang'ono, n'chifukwa chake amawalemba pambali pa zotsatirazo.

Maselo oyerawa alipo mitundu isanu, ndipo amawasiyanitsa poona kachinthu ka pakati pa selo, kotchedwa nyukiliyasi, ndi mmene selolo lagwirira utoto. Neutrophil ili ndi nyukiliyasi yoduka zigawo zitatu, zinayi kapena zisanu zolumikizana ndi timitsitsi. Ntchito yake ndi kuthamangira pamene palowa mabakiteriya n'kuwameza, ndipo mafinya amene mumaona pachilonda ambiri mwa iwo ndi ma neutrophil amene afera pantchito. Lymphocyte ndi yaing'ono, nyukiliyasi yake yobulungira yatsala pang'ono kudzaza selo lonse. Iyi ndiyo imasunga chikumbukiro cha matenda, ndipo katemera amagwira ntchito kudzera mwa iyo. Monocyte ndiyo yaikulu pa onse, yotuwirako, imakolopa zowola ndipo imachuluka matenda akakhalitsa. Eosinophil imadzaza timadontho tofiirira, ndipo imakonda kukwera chiweto chikakhala ndi njoka za m'mimba kapena thupi likamadana ndi kulumidwa ndi utitiri. Basophil ndi yosowa, moti munthu atha kuyang'ana kagalasi konse osaiona.

Woyeza amawerenga maselo oyera 100 motsatana, aliyense kumuika pagulu lake. Apa mpamene munthu wosazolowera amayamba kusokera, chifukwa lichero la nyumba ino silifanana ndi la nyumba ya uko. Mwa galu ndi mphaka wathanzi, ma neutrophil ndiwo ochuluka, kawirikawiri 60 kapena 70 pa 100 aliwonse. Mwa ng'ombe yaikulu, nkhosa ndi mbuzi, ochuluka ndi ma lymphocyte. Mwa ng'ombe, pa neutrophil imodzi pamakhala ma lymphocyte pafupifupi awiri. Zotsatira zimene mwa galu n'zabwinobwino, mwa ng'ombe zitha kukhala chizindikiro cha vuto.

Tsopano tiyeni tikhalitse pa neutrophil, poti ndiyo imanena zambiri. Munda wake ndi mafuta a m'mafupa. M'menemo imamera ndi kukula kwa masiku pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo ikakhwima siituluka nthawi yomweyo, imayamba yakhala m'nkhokwe mommo m'mafupamo. Ikalowa m'magazi sikhalitsamo, maola khumi okha kapena kucheperapo, n'kupita kumene ikufunika, ndipo sibwereranso. Choncho zimene dokotala waona pa kagalasi si chuma chonse cha pakhomo. Ndi chimanga chokhacho chimene wachipeza panjira, chitachoka kunkhokwe koma chisanafike pamoto. Chingachepe panjirapo chifukwa nkhokwe yauma, chingachepenso chifukwa pakhomo pali anthu ambiri ndipo chikutha msanga.

Inu mukudziwa zimene zimachitika m'mwezi wa February nkhokwe ikapita. Anthu amalowa m'munda n'kuyamba kuthyola chimanga chisanakhwime, kuchisenga, kuchiyanika, kuti apeze ufa wa chitibu. Mlendo akaona chitibu pa lichero safunsanso ngati pakhomopo pali njala. Thupi nalo limachita chimodzimodzi. Matenda akakula moti ma neutrophil okhwima sakukwanira, mafupa amatulutsa osakhwima. Amenewa nyukiliyasi yawo sinaduke zigawo, ndi yosalala, yopindika ngati chilembo cha U, ndipo papepala amawalemba kuti band. Akachuluka, madokotala amati pali left shift. Ngati osakhwimawo alipo koma okhwima ndi ambiri kuwaposa ndipo chiwerengero chonse chakwera, ndiye kuti munda ukuyesetsa ndipo ukukwanitsa. Koma osakhwima akafanana kapena kuposa okhwima, chiwerengero chonse chili chotsika, dokotala amada nkhawa ngakhale chiwetocho chikuimabe. Nthawi zina maselowo amaoneka ochita thovu m'kati, obiriwirako, okhala ndi timadontho totuwa. Amenewo ndi mbewu yokula mothamangitsidwa, ndipo zimaonetsa kuti kutupa kwake ndi kwakukulu.

Galu ali ndi nkhokwe yaikulu. Galu wamkazi akadzaza mafinya m'chiberekero, zomwe zimachitika patapita milungu ingapo chithere nyengo yake yofuna wamwamuna, maselo oyera atha kupitirira 30,000, nthawi zina kufika patali kwambiri. Ng'ombe nkhokwe yake ndi yaing'ono. Ikadwala mwadzidzidzi matenda otupa bere, chibayo, kapena kuola kwa chiberekero itangobereka, tsiku loyamba ndi lachiwiri ma neutrophil amatsika m'malo mokwera, chifukwa ochepa amene analipo athamangira kumene kuli vuto. Amadzayamba kukwera pakatha masiku atatu kapena asanu, munda utayamba kubweza. Amene angawerenge pepala la ng'ombe ndi maso a galu adzati palibe matenda pamene ng'ombeyo ili pamoto. Ndipo kagalu kotsegula m'mimba zamagazi chifukwa cha kachilombo ka parvo kamakhala ndi maselo oyera otsika kwambiri pa chifukwa chinanso: kachilomboko kamawononga munda weniweniwo, pamene m'matumbo mukufunika maselo ambiri.

Si kukwera kulikonse kumene kuli matenda. Mphaka wamng'ono amene mwamugwira mokakamiza, akukanda ndi kulira, amatulutsa adrenaline, ndipo maselo amene anamatirira m'mbali mwa mitsempha amakokoloka n'kulowa m'magazi oyenda. Chiwerengero chimakwera, makamaka ma lymphocyte, koma pakatha theka la ola chimabwerera. Chiweto chimene chili pa ululu, chayenda ulendo wautali pa lole, kapena chabayidwa mankhwala onga dexamethasone, chimaonetsa china: ma neutrophil okhwima amakwera popanda chitibu, ma lymphocyte ndi ma eosinophil amatsika, ndipo mwa galu ma monocyte amakweranso. Ine ndimaona kuti apa mpamene mankhwala opha mabakiteriya amaonongekera chabe, munthu akangoona nambala yakwera n'kuthamangira jekeseni.

Pali kamsampha kena ka masamu. Pepala likati ma lymphocyte ndi 60 pa 100 mwa galu, zimaoneka ngati achuluka. Koma ngati maselo oyera onse ndi 3,000 okha, ma lymphocyte ndi 1,800, chiwerengero chabwinobwino. Amene asowa ndi ma neutrophil. Nyemba zimaoneka zambiri pa lichero chimanga chikachepa, ngakhale palibe amene wawonjezerapo nyemba. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayang'ana chiwerengero chenicheni cha mtundu uliwonse.

Masiku ano kuli makina amene amawerenga maselo masauzande m'kanthawi kochepa, ndipo ndi othandiza. Koma makina ambiri sasiyanitsa bwino band ndi neutrophil yokhwima, ndipo saona nankafumbwe amene wabisala m'kati mwa diso la chimanga. Kwa alimi a ng'ombe m'Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa cha matenda a East Coast fever. Kachilombo kake, Theileria parva, kamabwera ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kuluma m'makutu, ndipo kamakalowa m'ma lymphocyte enieniwo n'kuwachititsa kuswana mosalekeza. Ng'ombe imatentha thupi, imatupa mwanabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, kenaka imavutika kupuma. Dokotala amabaya mwanabere wotupayo ndi singano, kuyala pa kagalasi, kuthira Giemsa, ndipo m'kati mwa ma lymphocyte amaonamo timagulu tobiriwira tokhala ndi timadontho tofiira, totchedwa Koch's blue bodies potengera dzina la Robert Koch. Matendawa akafika patali maselo oyera m'magazi amagwa kwambiri. Ng'ombe zamkaka za mitundu yakunja ndi zosakaniza ndizo zimafa msanga kuposa zathu zachikuda, ndipo katemera wake amapangidwa ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Agalu nawonso ali ndi anankafumbwe awo obwera ndi nkhupakupa: Ehrlichia canis amabisala mu monocyte, ngakhale kuti saoneka kawirikawiri, ndipo Hepatozoon canis amaoneka mu neutrophil.

Za nkhuku tingonena mwachidule. Maselo ake ofiira ali ndi nyukiliyasi, mosiyana ndi a ng'ombe kapena galu, choncho makina wamba amasokonezeka ndipo kuwerenga kumafuna maso a munthu. M'malo mwa neutrophil nkhuku ili ndi heterophil, ndipo mafinya ake amakhala olimba, osayenderera.

Mbali yanu monga mwini chiweto ilipo ndithu. Magazi oyezera maselo amathiridwa mu kabotolo ka chivindikiro chapepo, momwe muli mankhwala a EDTA oletsa kuundana, ndipo kamafuna kutembenuzidwa pang'onopang'ono kangapo, osati kukhutchumulidwa. Magazi akakhala padzuwa kapena m'thumba la malaya tsiku lonse, maselo amafufuma n'kusintha maonekedwe, mwina mpaka kuoneka ngati odwala pamene sanali choncho. Ndi bwino kuti woyeza ayale kagalasi pomwepo pakhola, magazi otsalawo asungidwe pozizira koma osaumitsa, ndipo afike ku labotale pasanathe maola 24. Muuzeni dokotala tsiku limene chiweto chinayamba kudwala, ngati chabereka kumene, msinkhu wake, ndi mankhwala onse amene mwachipatsa kale, ngakhale aja munagula pamsika mukuchita nawo manyazi kuwatchula. Ndipo akakuuzani kuti abweranso mkuja kudzatenga magazi ena, musaganize kuti akufuna ndalama. Ma neutrophil 2,000 mwa ng'ombe lero ndi 5,000 mkuja akunena kuti munda wayamba kubweza. 2,000 lero ndi 800 mkuja akunena kuti chithandizo chisinthidwe msanga.