Ndani Ali ndi Omtsatira Ambiri pa YouTube?

Ku Avondale mu Lusaka, ca kumseu wopita ku Chipata, acinyamata ambiri amaonera kanema wa YouTube pa lamya. Munthu akakonda zimene wina aonetsa, amalembetsa kuti azimtsatira. Kulembetsako nkwaulere, koma kuonera kumadya ndalama za intaneti.

Kampani ya nyimbo ya ku India, T-Series, ndiyo inayamba kupeza oitsatira 100 miliyoni mu 2019. Mu 2024 inapambanidwa ndi MrBeast wa ku America, amene anapyola 400 miliyoni mu 2025.

Awiriwa sagwiritsa nchito Cinyanja. Oimba akuno, monga Yo Maps, naonso ali pa YouTube, koma maina ao adzakwera pokhapo anthu akwao, m'tauni ndi m'midzi momwe, atawatsatira.