Khomo loyambira ntchito ya zamakompyuta m'makampani akuluakulu

Chaka chilichonse achinyamata ena a m'boma muno amamaliza maphunziro a zamakompyuta m'sukulu zaukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi Yunivesite ya Mzuzu. Akabwerera kwawo ambiri amakumana ndi chopinga chimodzi: olemba ntchito amafuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Makolo amene anagulitsa mbuzi ndi chimanga polipira fizi amadabwa kuona mwana wa digiri akungokhala pakhomo.

Njira imodzi yodutsira chopingachi ndi ndondomeko yotchedwa graduate trainee programme. Mabanki, makampani a mafoni ndi a inshuwalansi nthawi zina amatenga ongomaliza kumene sukulu kuti awaphunzitse ntchito ali momwemo. Makampaniwa amadalira makompyuta usana ndi usiku. Mlimi akamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kapena mphunzitsi akamatapa malipiro pa ATM, kuseri kumakhala akatswiri oonetsetsa kuti makina sakuima.

Wophunzira ntchito kawirikawiri amatha chaka chimodzi kapena ziwiri akusinthidwa m'magawo osiyanasiyana. Amayamba ndi kuthandiza ogwira ntchito anzake makompyuta akavuta, kenaka amaphunzira kulumikiza netiweki ya nthambi za kampani, kusunga bwino maina ndi ndalama za makasitomala, komanso kuteteza makina kwa akuba a pa intaneti. Amapatsidwa mkulu womulangiza ndipo amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti zimachepa poyerekeza ndi za wolembedwa kale. Apa mabanja ayenera kudekha, asayembekeze kuti mwana amanga nyumba ya malata m'chaka choyamba. Pamapeto kampani imaunika mmene aliyense wachitira, ndipo si onse amene imawalemba. Komabe ngakhale wosatengedwayo amatuluka ndi luso komanso kalata yaumboni imene imamutsegulira makomo ena.

Mwayi wotere umalengezedwa m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, pamasamba a intaneti a makampaniwo, ndi pa LinkedIn. Ofunsira amatumiza kalata ndi CV, amalemba mayeso oyesa kuganiza mwachangu, kenaka amaitanidwa ku mafunso. Popeza ofunsira amachuluka, digiri yokha siikwanira. Wachinyamata amene anathandizapo sukulu yakwawo kusunga zotsatira za ophunzira pakompyuta, kapena anakonzera gulu la banki m'khonde njira yowerengera masheya ndi ngongole, amakhala ndi chooneka chofotokoza pa mafunso. Atsikana alimbikitsidwe kufunsira chimodzimodzi anyamata. Palinso ndondomeko ya boma imene inayamba mu 2018, yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maunduna ndi m'makhonsolo, ndipo nayo ingakhale poyambira.

Asanasaine, wosankhidwa awerenge mgwirizano modekha kuti adziwe kutalika kwa maphunziro, ndalama zimene azilandira ndi zimene zidzachitike pamapeto. Migwirizano ina imamanga munthu kuti akamaliza agwirebe pakampaniyo kwa zaka zingapo, apo ayi abweze ndalama zimene anamuphunzitsira. Ndi bwinonso kudziwa kuti Lamulo la Ntchito la 2000 silola kuti nthawi yoyesedwa ya munthu waluso amene walembedwa ntchito ipitirire miyezi 12. Pamene pali chosamveka, ofesi ya zantchito ya m'boma muno ingathe kupereka uphungu.

Chenjezo lalikulu ndi lokhudza akathyali. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga onamizira maina a makampani odziwika, ouza anthu kuti atumize ndalama yolembetsera kapena yosungitsira malo. Kampani yoona siigulitsa ntchito. Aliyense wouzidwa kuti alipire ayambe watsimikiza ku ofesi ya kampaniyo, ndipo akapeza kuti ndi chinyengo akanene kupolisi.

Khonsolo ikupempha makhansala, mafumu ndi makomiti achitukuko a ADC ndi VDC kuti afikitse uthengawu m'misonkhano yawo, makamaka kwa mabanja amene ali ndi ana omaliza maphunziro chaka chino.